Turbo ya pikiapu yanga yafa: ndigule yatsopano, yakale, kapena ndikonzetse yomweyi?

A Phiri, Chilenje

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, landirani moni. Ndabwera ndi nkhani ya galimoto yanga, pikiapu ya dizilo ya malita 3.0 ya chaka cha 2008, imene ndimanyamulira mtedza ndi nyemba kuchokera ku Katete kudzagulitsa ku Soweto Market ku Lusaka. Sabata yatha ndikubwerera kuno ndi katundu, nditawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri a Manenekela, injini inayamba kuimba likhweru lachilendo, mphamvu inatheratu, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi wabuluu wochuluka kwambiri. Ndinaima pambali, ndinayeza oyilo n'kupeza kuti watsika, ndipo galimotoyo inafika ku Lusaka chokokedwa.

Amakaniko amene aiona akugwirizana kuti turbo yafa, koma pa mtengo ndi pamene asiyana. Malo ena andiuza K41,000 ya turbo yatsopano yochokera kwa opanga ake enieni. Galaja ina yati ingasinthe zam'kati zokha, zimene akuzitcha cartridge, pa K11,500 pamodzi ndi ntchito. Ndipo mnyamata wina wogulitsa zitsulo wandilonjeza turbo yochotsedwa pa injini yochokera ku Japan pa K7,000. Nyengo yogula mtedza ndi yomwe ino, ndipo tsiku lililonse limene galimoto ikugona pagalaja anzanga akutenga katundu amene ndikanatenga ine. Ndikupempha amene munakumanapo ndi vutoli mundiunikire njira yoyenera.

A Tembo, Chawama

Pepani kwambiri a Phiri ndi zimene zakugwerani. Ine maganizo anga ndi akuti mutenge ya K7,000. Magalimoto ambiri amene amadulidwa ku Japan amakhala asanayende mtunda wautali, ndipo turbo yake imakhala yeniyeni, osati yongofanizira. Ine ndinaika yotero pa galimoto yanga ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Ndalama zotsalazo mugulire mtedza.

A Mwale, makaniko, Matero

A Phiri, pepani. Musanasankhe pakati pa mitengo itatuyo, ndikufuna ndikufunseni funso limodzi: mwa amakaniko onse amene anaona galimotoyo, alipo amene anakuuzani chimene chinapha turbo? Ngati palibe, ndiye kuti mitengo yonse itatu imene mwapatsidwa ndi ya kusintha chitsulo chokha, si ya kukonza galimoto.

Ndifotokoze pang'ono kuti ndi ena amene akuwerenga atsatire. Turbo ndi mvukuto wa injini. Utsi wotentha ukamatuluka mu injini umazunguza gudumu lamapiko kumbali imodzi, ndipo gudumu limenelo lili pa shafuti imodzi ndi gudumu lina limene limakoka mpweya wakunja n'kuukankhira mwamphamvu m'masilinda. Mpweya ukachuluka, dizilo wambiri amapsa bwino, ndipo injini yaing'ono imakoka katundu amene ikanalephera. Injini yanu ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, shafuti ya turbo ikhoza kumazungulira kupitirira ka 150,000 pa mphindi yomweyo, uku mbali ya utsi itatentha kupitirira madigiri 600. Pa liwiro limenelo shafutiyo sikhudza chitsulo ayi, imayandama pa oyilo wopyapyala amene pampu ya injini imatumiza kudzera pa kapaipi kakang'ono. Oyiloyo akachepa kapena akachedwa kufika kwa masekondi ochepa chabe, chitsulo chimakhudzana ndi chinzake ndipo ma bearing, tizitsulo timene shafutiyo imazunguliramo, amadyeka nthawi yomweyo.

N'chifukwa chake ife a m'magalaja tikaona turbo yakufa timayamba tafufuza zinthu zinayi: oyilo wosafika mokwanira, oyilo wakuda wokhala ndi zinyalala, fumbi kapena kanthu kena kamene kalowa n'kumenya mapiko, ndiponso kutentha kopitirira muyeso. Turbo yokalamba n'kufa yokha ilipo, koma ndi yochepa poyerekeza ndi imene yaphedwa ndi chimodzi mwa zimenezi. Mukamanga ina pa injini imene vuto lake silinachotsedwe, kaya ndi ya K7,000 kaya ya K41,000, idzafa imfa yomweyo, ndipo yokwera mtengoyo sidzapirira nthawi yotalikirapo chifukwa cha mtengo wake.

Pitani kumene kuli galimotoyo mukawapemphe amasule turbo pamaso panu, ndipo mudzatiuze zimene mudzaona pa shafuti ndi pa mapiko.

A Phiri, Chilenje

Zikomo a Mwale. Kunena zoona palibe amene ananenapo za chimene chinaipha. Onse anangogwedeza shafuti ndi chala n'kunena kuti yatha. Mawa m'mawa ndipita kukachita zimene mwanenazo. Koma kodi ndikayang'ane chiyani makamaka, popeza ine ntchito yanga ndi malonda?

A Mwale, makaniko, Matero

Si zovuta kuziona, ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo sipanala. Shafuti ikasanduka yabuluu kapena yofiirira pamalo pamene pamakhala ma bearing, ndiye kuti inazungulira yopanda oyilo mpaka kupsa. Ikakhala ndi mizere yokandika imene chikhadabo chimakodwamo, ndiye kuti oyilo ankafika koma anali ndi zinyalala. Mapiko a mbali ya mpweya akakhala osalala m'mphepete ngati adyedwa pang'onopang'ono, wolakwa ndi fumbi lodutsa pa fyuluta yong'ambika kapena pa paipi yosamangika bwino, ndipo amene timayenda misewu yadothi m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala timaziona zimenezi kawirikawiri. Mapiko akakhala obenthuka kapena opindika, kanthu kolimba kanalowa, mwina nati kapena kachidutswa ka kalampu. Mapiko a mbali ya utsi akabenthuka, nkhani ndi yaikulu, chifukwa ndiye kuti chinachake chinathyoka m'kati mwa injini momwe.

Kugwedeza ndi chala kokha sikokwanira. Shafuti ya turbo yabwinobwino imagwedezeka pang'ono m'mbali ikakhala yopanda oyilo, chifukwa mpata umenewo ndi umene oyilo amadzaza injini ikalira. Choipa ndi pamene mapiko akukhula pa khoma la nyumba yake, kapena pamene shafuti ikupita kutsogolo ndi kumbuyo mukaikoka.

A Sakala, Chelstone

Bambo Mwale, ndikupempha kufunsa ngakhale nkhaniyi ndi ya a Phiri. Galimoto ya amalume anga nayonso yatha mphamvu ndipo ikutulutsa utsi, koma wakuda, ndipo nawonso auzidwa kuti agule turbo. Kodi ndi vuto limodzi?

A Mwale, makaniko, Matero

Mwachita bwino kufunsa a Sakala, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama pa turbo imene ilibe mlandu. Utsi wakuda ndi dizilo amene sanapse bwino chifukwa mpweya wachepa, pamene utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Mpweya ungachepe chifukwa paipi ya labala yochoka pa turbo kupita ku intercooler (chozizitsira mpweya usanalowe mu injini) yang'ambika, kalampu yamasuka, intercooler yabooka, kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Zimenezi mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi turbo. Kompyuta yoyezera galimoto ikaonetsa P0299, tanthauzo lake ndi lakuti mpweya wokankhidwa ndi wochepa kuposa umene ukufunika, koma nambalayo sinena kuti turbo ndi imene yafa.

Palinso china pa magalimoto a dizilo atsopanoko. Ma turbo ake ali ndi timapiko tosuntha kumbali ya utsi, timene timatseguka ndi kutsekeka malinga ndi liwiro la injini. Galimoto imene imangoyenda pang'onopang'ono pa mzere wa pa Lumumba Road kapena pa Kafue Roundabout tsiku ndi tsiku, osatenthako bwino pa ulendo wautali, imadzaza mwaye pa timapikoto mpaka timauma. Zikatero galimoto imadziteteza podula mphamvu. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kumasula n'kutsuka, kapena kuona ngati actuator imene imatisuntha ikugwira ntchito. Auzeni amalume asagule kanthu mpaka zimenezi zitayezedwa.

Ngakhale oyilo wopezeka m'mapaipi a mpweya si umboni wokwanira. Turbo ilibe silo ya labala yotchinga oyilo, ili ndi timaring'i tachitsulo timene timadalira kuti oyilo azibwerera momasuka ku sampu, mbale ya pansi pa injini imene imasunga oyilo. Paipi yobwezera oyilo ikatsekeka, kapena injini ikamapumira mpweya wambiri m'sampu chifukwa ma ring a mapisitoni atha, oyilo amasefukira m'mapaipi ngakhale turbo ili yabwino.

A Zulu, Kaunda Square

Ana anga, ine ndinayendetsa malole zaka zambiri pa msewu wa kum'mawawo ndisanapume, ndipo ndikufuna kuchitira umboni zimene a Mwale akunena pa za kutentha. Lamulo limene tinkaphunzitsidwa linali lakuti ukakwera phiri ndi katundu, kapena ukathamanga mtunda wautali, usazimitse injini pomwe waima. Uisiye ilire payokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ukazimitsa nthawi yomweyo pampu ya oyilo imaima, koma turbo imakhala idakali yotentha kwambiri, ndipo oyilo wotsalira m'kati mwake amapserera n'kuuma. Zouma zimenezo ndi zimene zimatseka njira ya oyilo pang'onopang'ono. Chimodzimodzinso m'mawa, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, munthu asaponde moto injini itangolira, oyilo asanazungulire.

Masiku ano ndimaona anyamata pa Luangwa Bridge akufika mothamanga, kuzimitsa galimoto pomwepo n'kuthamangira kukagula nsomba. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndikudziwa kuti eni ake a magalimotowo adzalipira.

Ndiwonjezenso chenjezo kwa a Phiri. Munachita bwino kuima n'kukoketsa galimoto. Injini ya dizilo imatha kuyenda ndi oyilo wake womwe. Turbo ikamataya oyilo wambiri m'mapaipi, injini imayamba kumumwa, imathamanga yokha mopitirira muyeso, ndipo ngakhale mutachotsa kiyi siima. Ndinazionapo ndi maso anga pa lole ya mnzanga, ndipo injiniyo sinakonzekenso. Choncho aliyense amene adzakukonzereni, intercooler aimasule n'kuitsuka mpaka oyilo yense atachoka, asanalize injini.

A Tembo, Chawama

Zonsezi ndazimva ndipo sindikutsutsa. Koma tisaiwale kuti a Phiri ali pa nyengo ya malonda, ndipo K41,000 ndi ndalama imene ena timagulira galimoto yonse yaing'ono yakale. Ndikuonabe kuti turbo ya ku Japan ndi imene ingawabwezere pa msewu msanga. Ndinamvanso kuti ena amangoitseka turbo n'kumayenda popanda iyo. Kodi zimenezo sizingawathandize kwa miyezi iwiri yokha, mpaka atagulitsa mtedza?

A Mwale, makaniko, Matero

A Tembo, pa za kutseka turbo ndikukana ndithu. Injini imene inapangidwa kuti iziyenda ndi turbo ili ndi kompyuta imene imayeza mpweya n'kupereka dizilo mogwirizana nawo. Mukaichotsa, galimoto imadula mphamvu, imafuka utsi, imadya mafuta ambiri, ndipo ndi matumba a mtedza kumbuyo singakwere Manenekela. Kumbukiraninso kuti Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 alionse okwera. Turbo ndi imene imabwezera mphamvu imeneyo, ndipo n'chifukwa chake kuno imagwira ntchito yolemera kuposa ku Dar es Salaam kapena ku Durban.

Pa za yakale ya ku Japan, sindikunena kuti zonse ndi zoipa. Inu munapeza yabwino ndipo ndikukhulupirirani. Vuto ndi lakuti wogula sadziwa mbiri yake. Sadziwa kuti inayenda mtunda wotani, inkamwa oyilo wotani, ndipo yakhala nthawi yaitali bwanji pa shelufu kapena pansi, makomo ake ali pululu, fumbi likulowa. Amene wasankha njira imeneyi apite ndi makaniko wake, ayerekeze nambala yolembedwa pa kachitsulo ka pa turbo yake ndi ya imene akugulayo, chifukwa ma turbo awiri akhoza kufanana maonekedwe koma osagwirizana ndi kompyuta ya galimoto. Aonenso ngati nyumba ya mbali ya utsi ilibe mng'alu.

Njira ya cartridge ndi imene ine ndimalangiza kawirikawiri, malinga ngati nyumba ziwiri zakunja zili bwino ndipo actuator ikugwira ntchito. Cartridge ndi pakati ponse pa turbo: shafuti, magudumu onse awiri ndi ma bearing, zomangidwa kale pamodzi. Funso lofunika kufunsa wogulitsa ndi lakuti kodi inayezedwa pa makina olinganiza kulemera kwake ikuzungulira pa liwiro lalikulu, ndipo pepala la muyesowo lili kuti. Pa liwiro limene ndinatchula lija, kulemera kochepa kwambiri kukapendekera mbali imodzi kumagwedeza shafuti mpaka ma bearing kutha. Pachifukwa chomwecho sindigwirizana ndi amene amagula timapaketi ta ma bearing n'kumanga turbo pa benchi ndi manja, popanda makina amenewo. Imalira bwino tsiku loyamba, koma siikhalitsa.

Opanga ma turbo odziwika ndi monga Garrett, BorgWarner, IHI, Mitsubishi ndi Holset. Palinso ena ambiri ongofanizira, ndipo pakati pawo pali abwino ndi oipa. Turbo yathunthu yatsopano ikamagulitsidwa pa mtengo wotsika kuposa cartridge yabwino, munthu ayenera kudzifunsa kuti wopangayo wachepetsa pati.

A NaBanda, Kabwata

Abambo nonse, ine za zitsulo sindilowererapo, koma ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama, ndipo ndikufuna kuthandiza a Phiri pa kawerengedwe. Mitengo itatu imene mwapatsidwa singayerekezedwe momwe ililimu, chifukwa umodzi uli ndi ntchito m'kati pamene iwiri ndi ya chitsulo chokha. Pemphani aliyense akulembereni papepala zonse zimene adzachite ndi mtengo wa chilichonse: chitsulo, ntchito, oyilo, mafyuluta, magasiketi, mapaipi, ndi kutsuka kumene a Zulu anena. Funsaninso ngati msonkho wa VAT, umene ndi 16 peresenti, uli kale m'kati. Pa K41,000, msonkho wokhawo ukadzawonjezedwa pa tsiku lolipira ndi ndalama yoposa K6,500.

Chachiwiri ndi chitsimikizo. Mawu apakamwa akuti mukadzaona vuto mudzabwere sathandiza pa tsiku la mkangano. Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, nambala ya chitsulo, ndi miyezi kapena makilomita amene akutsimikizira. Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2010, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission ndi limene limalandira madandaulo. Lamulolo sililola ogulitsa kupachika zikwangwani zokana udindo pa katundu amene agulitsa. Komabe bungwelo lingakuthandizeni bwino mukakhala ndi pepala m'manja. Dziwaninso kuti ogulitsa ambiri amakana kubweza turbo imene yafa chifukwa chosowa oyilo, ponena kuti vuto ndi la injini, choncho lisiti la paipi yatsopano ya oyilo ndi la oyilo amene munathira musunge pamodzi ndi la turbo.

A Sakala, Chelstone

Mayi NaBanda anena zoona pa za msonkho. Ine ndimaitanitsa katundu kunja nthawi zina, ndipo ndikufuna kuchenjeza amene amaona mtengo wotsika pa intaneti n'kuganiza kuti ndi womwewo. Pamwamba pa mtengowo pamabwera ndalama yonyamulira, msonkho wa kasitomu wa bungwe lotolera misonkho la ZRA, kenako VAT, ndipo zonsezo zimatsatira mmene kwacha ilili ndi dola pa tsikulo. Katundu wochokera ku Johannesburg amafika msanga kuposa wa ku Dubai kapena ku China, koma ngakhale zili choncho, chitsulo chikafika cholakwika kuchibweza ndi ntchito yaikulu. Kwa munthu amene galimoto yake ndi imene imamudyetsa, ndi bwino ayambe wazungulira masitolo a pa Panganani Road ndi madera oyandikana nawo, turbo yakufayo ili m'manja kuti ayerekeze nambala.

A Phiri, Chilenje

Akuluakulu, ndabwerako kugalaja ndipo ndikufuna ndikuuzeni zimene ndaona. Makaniko anayala thumba loyera pa benchi n'kumasula turbo ine ndikuona. Mapiko a mbali zonse ziwiri ndi athunthu, kupatula m'mphepete mwa a mbali ya mpweya mmene akhulika pa khoma. Koma shafuti ndi yabuluu ndithu pakati pake, monga munanenera a Mwale, ndipo ma bearing atuluka akuda ndi ophwanyika. Kapaipi kobweretsa oyilo tinakauzira ndi mpweya ndipo kanali kotseguka, ngakhale m'kati mwake munali zokakamira. Nyumba zonse ziwiri akuti zilibe mng'alu, ndipo actuator ikuyenda.

Makanikoyo akuti tingosintha kapaipiko n'kumanga cartridge. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse chigulireni galimotoyi, choncho sindikumvetsa kuti anasowa bwanji.

A Mwale, makaniko, Matero

A Phiri, musalole kuti amange kanthu panopa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Shafuti yatiuza kuti oyilo sankafika, koma kapaipi kotseguka katiuzanso kuti chotchinga chili kwina, ndipo ndikukayikira malo amodzi.

Pa injini zambiri za dizilo zamakono, pansi pa injector iliyonse (kachitsulo kopopera dizilo m'silinda) pamakhala washala wamkuwa amene amatseka kuti moto wa m'silinda usatulukire m'mwamba. Washalayo akatopa, utsi wotentha umadutsa pambali pa injector, ndipo pa injini zimene ma injector ake ali pansi pa chivundikiro cha pamwamba, utsiwo umakumana ndi oyilo n'kumupsereza. Timakala timene timapangika timatsikira m'sampu n'kukaunjikana pa kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo. Munthu akhoza kusintha oyilo mokhulupirika monga inu, koma timakalato sitituluka tonse pa bawuti yokhetsera oyilo, timamatirira pa kasefako. Injini ikamalira pang'onopang'ono oyilo amadutsabe, ndipo nyali ya oyilo siyaka. Koma pa phiri, ndi katundu, injini ikafuna oyilo wambiri, kasefako sikapereka wokwanira, ndipo turbo, imene imazungulira mofulumira kuposa china chilichonse pa galimoto, ndi imene imayamba kupsa.

Choncho apempheni amasule sampu, aone kasefako. Akapeza kotsekeka, atulutse ma injector onse n'kusintha mawashala, ndipo pokhalira pake patsukidwe bwino. Sampu ili chotsegula choncho, amasulenso ma bearing a pa crankshaft (shafuti yaikulu imene mapisitoni amaizunguza) aone ngati sanakandike, chifukwa njala ya oyilo imene inapha turbo inawakhudzanso iwo. Akakhala kuti adyeka, kuwasintha panopa ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso injini yonse itagogoda pa msewu. Pomaliza ayeze mphamvu ya oyilo ndi geji yeniyeni injini itatentha, osadalira nyali ya pa dashibodi, imene imayaka zinthu zitaipa kale.

A Tembo, Chawama

Apa ndiye ndaona kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa mmene ndinkaionera. Koma a Mwale, kodi ntchito zonsezi sizikweza mtengo mpaka kufika pa wa turbo yatsopano ija?

A Mwale, makaniko, Matero

Mtengo ukwera, koma ntchito zimenezi zikufunika pa njira iliyonse mwa zitatuzo, ngakhale atagula ya K41,000. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi cartridge a Phiri atsala ndi ndalama yochitira zonsezi.

Ndiwonjeze za tsiku lomanga, chifukwa ma turbo ena amafa pa mphindi yoyamba. Kapaipi kobweretsa oyilo kakhale katsopano, osati kotsukidwa, pamodzi ndi mabawuti ake obooka. Paipi yobwezera oyilo itsukidwe. Pa magasiketi a njira ya oyilo pasapakidwe silikoni, chifukwa akafinyika amalowa m'kati n'kutseka timabowo. Asanamange kapaipiko athire oyilo woyera pa khomo la turbo n'kuzunguza mapiko ndi chala kuti alowerere. Kenako azunguze injini ndi sitata popanda kuilola kulira mpaka oyilo atafika, ndipo ikalira aisiye payokha kwa mphindi zingapo osaponda moto. Oyilo akhale wa mlingo umene buku la galimotoyo likunena, wogulidwa pamalo odalirika m'chigubu chosatsegulidwa, osati wopungulidwa m'mbali mwa msewu. Fyuluta ya oyilo ndi ya mpweya zikhale zatsopano.

A Phiri, Chilenje

Ndabweranso ndi zotsatira. Sampu itamasulidwa, makaniko anandipatsa kasefa kaja m'manja. Ndinatuluka nako panja n'kukaloza kudzuwa, ndipo kuwala kunkadutsa pa kachigawo kakang'ono ka m'mphepete basi. Kwina konse kunali kotsekeka ndi timakala tolimba timene tinkathetheka akamatikanda ndi sikuludilaiva. Ma injector atatulutsidwa, awiri anali akuda mpaka kumtunda ndipo mawashala ake anali ndi kanjira kopserera pamene utsi unkadutsa. Ma bearing a pa crankshaft anapezeka ndi timizere tochepa, ndipo makaniko wati angathe kupitirira.

Ndasankha cartridge, ndipo wogulitsa wandipatsa pepala la muyeso ndi chitsimikizo cholembedwa pa lisiti, monga munalangizira mayi NaBanda. Ndalama zayenda motere: cartridge K8,200; mawashala ndi ntchito ya ma injector K2,400; kapaipi, magasiketi, mafyuluta ndi oyilo K3,100; ntchito yomasula sampu, kutsuka intercooler ndi kumanga turbo K2,500. Zonse pamodzi ndi K16,200. Ndi zoposa zimene ndinauzidwa poyamba pa njira imeneyi, koma galimoto ikukoka bwino ndipo utsi wasiya.

A NaBanda, Kabwata

Tathokoza potibweretsera ndondomeko yonse ya ndalama, a Phiri, chifukwa ithandiza ena podzakambirana ndi magalaja. Mapepala onsewo muwajambule ndi foni, popeza malisiti ambiri amafufutika pakapita miyezi yochepa.

A Mwale, makaniko, Matero

Mwagwira ntchito yabwino, koma mawu akuti ma bearing angathe kupitirira sanandikhazike mtima pansi. Kodi mphamvu ya oyilo inayezedwa ndi geji injini itatentha? Ngati sinayezedwe, bwererani mawa akayeze, ndipo nambala imene ipezeke aiyerekeze ndi ya m'buku la injiniyo. Ikakhala yotsika, ma bearing amenewo asinthidwe musanasenze katundu. Oyilo amene mwathirayu musamudikire kufika makilomita 5,000, mumukhetse pamodzi ndi fyuluta yake mukayenda pafupifupi 1,000, chifukwa timakala totsalira m'njira za injini tikhala tikutsika m'masiku oyambawa. Ulendo wa ku Katete kupita ndi kubwera ukwana mtunda umenewo, choncho mukangotsitsa mtedza ku Soweto Market mupite nayo kugalaja.

A Phiri, Chilenje

Geji sanaikepo, a Mwale. Ndawaimbira foni tsopano lino ndipo tapangana mawa 8 koloko m'mawa. Nambala imene ipezeke ndidzailemba pano kuti muione ndisananyamuke.